Zimene Mlendo Amaona ku Japan ndi Kumene Zinachokera

Nkhani yathu lero ndi ya dziko la Japan, makamaka mmene limaonekera kwa munthu amene wapondako koyamba. M'chaka cha 2024 chokha, alendo oposa 36 miliyoni ochokera m'mayiko ena anakacheza kumeneko. Mukatchera khutu ku zimene anthu otere amasimba akabwerera kwawo, mupeza kuti ambiri amatchula zinthu zomwezomwezo: misewu yopanda chinyalala, sitima zofika pa mphindi yake, anthu oweramirana popatsana moni, ana aang'ono opita okha kusukulu pakati pa mzinda waukulu, ndi chikwama chimene munthu anaiwala m'sitima n'kukachipeza kupolisi ndalama zili momwemo. Akatha kusimba zonsezi, ambiri amagamula kuti anthu a ku Japan anangobadwa choncho, khalidweli lili m'magazi mwawo. Chigamulo chimenechi ndi chimene ndabwera kudzatsutsa. Zimene mlendo amaona n'zoona, koma chifukwa chimene amapereka n'cholakwika. Dongosolo la ku Japan analiumba ndi anthu okhala m'dziko lovuta kukhalamo, ndipo analiumba kudzera m'malamulo, m'sukulu ndi m'kubwerezabwereza, m'zaka zimene tingathe kuzitchula, komanso movutikira kwambiri.

Tiyambe ndi nthaka, popeza ndiyo imene mlendo amayamba kuiona ndege isanatere. Japan ndi mndandanda wa zilumba zotambasuka mtunda wa makilomita pafupifupi 3,000, kuyambira ku Hokkaido kumpoto, kumene chipale chofewa chimakwirira midzi kwa miyezi ingapo pachaka, mpaka ku Okinawa kummwera, kumene kumalimidwa nzimbe. Boma litawerenganso zilumbazi m'chaka cha 2023 linapeza kuti zilipo 14,125, koma anthu ochuluka ali pa zinayi zikuluzikulu: Honshu, Hokkaido, Kyushu ndi Shikoku. Dziko lonse ndi la masikweya kilomita pafupifupi 378,000, ndiye kuti Malawi angalowemo katatu, pamene anthu ake ndi oposa 120 miliyoni. Chovuta n'chakuti pafupifupi magawo atatu mwa anayi a malo amenewa ndi mapiri, ndipo malo olimidwa ndi ongoyandikira 12 pa 100 alionse. Phiri la Fuji, limene mlendo aliyense amafuna kulijambula, ndi lalitali mamita 3,776, kuposa nsonga ya Sapitwa ku Mulanje imene ili ndi mamita 3,002. Mapiri atatenga malo onsewo, anthu anapanikizana m'zidikha zochepa za m'mphepete mwa nyanja. M'chidikha cha Kanto, chachikulu pa zonse, muli mzinda wa Tokyo ndi mizinda yolumikizana nawo, momwe mukukhala anthu pafupifupi 37 miliyoni. Pa siteshoni imodzi yokha ya Shinjuku pamadutsa anthu pafupifupi 3 miliyoni tsiku lililonse.

Munthu akamvetsa kupanikizana kumeneku, makhalidwe ambiri amene amadabwitsa mlendo amayamba kumveka. Pamalo podutsa anthu mamiliyoni, aliyense akati alowe m'sitima mopikisana, palibe amene angafike kuntchito. N'chifukwa chake pansi panalembedwa mizere yosonyeza poima, ndipo okwera amadikira otsika atuluke kaye. M'sitima yodzaza mothina, munthu mmodzi woyankhula pafoni mokweza amasokoneza anthu zana, choncho mafoni amakhala chete. Muzu wa khalidwe lotere unamera kale kwambiri, m'minda ya mpunga. Mpunga wothirira sulimika ndi banja limodzi palokha. Madzi ochokera m'phiri amadutsa m'munda wa wina asanafike m'munda wa mnzake, ndipo ngalande ikatsekeka pamwamba, onse a m'munsi amagona ndi njala. Midzi inkagwirizana tsiku lokonza ngalande, nthawi yotsegula madzi ndi nthawi yowokera, ndipo mabanja ankathandizana ntchito mosinthana, monga mmene makolo athu ankachitira pa dima. Koma mgwirizanowu unali ndi mano. Banja lophwanya pangano la mudzi linkasalidwa, osayankhulidwa, osathandizidwa pa china chilichonse kupatula pa maliro ndi pamene nyumba yagwira moto. Ulemu umene mlendo amausirira lero unakulira limodzi ndi mantha oopa kusalidwa, ndipo tibwereranso ku mantha amenewa.

Nthaka yomweyi ndi yosakhazikika. Japan ili pamalo pamene matanthwe anayi akuluakulu a pansi pa dziko amakumana n'kumakankhana, ndipo ili ndi mapiri 111 amene angathe kuphulika moto. Fuji weniweniyo anaphulika komaliza m'chaka cha 1707. Akasupe a madzi otentha amene alendo amakonda kusambamo amachokera ku moto womwewo. Tsono taonani mmene malamulo akhala akutsatira masoka. Pa 1 Sepitembala 1923 chivomezi ndi moto zinapha anthu oposa 100,000 ku Tokyo ndi ku Yokohama, ndipo kuyambira mu 1960 tsiku la 1 Sepitembala ndi loyeserera kuthawa ngozi m'dziko lonse. Mu 1959 namondwe anapha anthu oposa 5,000 m'dera la Nagoya, ndipo mu 1961 kunakhazikitsidwa lamulo lalikulu lofotokoza udindo wa boma, wa makhonsolo ndi wa nzika pa nthawi ya ngozi. Mu 1981 malamulo a kamangidwe anakhwimitsidwa, ndipo chivomezi chitagwedeza Kobe pa 17 Janyuwale 1995 n'kupha anthu oposa 6,400, nyumba zambiri zimene zinagwa zinali zomangidwa lamuloli lisanabwere. Ku Kasukabe, kumpoto kwa Tokyo, kuli ngalande ya makilomita oposa 6 imene inakumbidwa mamita 50 pansi pa nthaka n'kumalizidwa mu 2006, kuti izimeza madzi osefukira a mitsinje ing'onoing'ono. Mlendo saiona, koma ndi zinthu zotere zimene zimachititsa kuti ayende m'misewu youma mvula yamphamvu itagwa usiku wonse.

Umboni waukulu woti zonsezi n'zophunzira unaoneka pa 11 Malichi 2011, pamene chivomezi champhamvu ya 9.0 chinadzutsa mafunde a tsunami amene anapha kapena kusowetsa anthu oposa 18,000 kumpoto chakummawa kwa Honshu. M'tauni ya Kamaishi, pafupifupi ana onse a sukulu za pulayimale ndi za sekondale yoyambirira, amene analipo ngati 3,000, anapulumuka. Kwa zaka zingapo m'mbuyomo, mphunzitsi wa payunivesite dzina lake Toshitaka Katada anali atagwira ntchito ndi sukuluzo, kuphunzitsa ana kuti nthaka ikagwedezeka azithamangira kumtunda osadikira wowauza, ndiponso kuti asamakhulupirire kwambiri mapu osonyeza malo otetezeka. Tsiku limenelo ana okulirapo anagwira manja a ana aang'ono n'kuthawa nawo, ndipo ataona kuti malo oyamba othawirako sali okwera mokwanira, anapitirira. Tsiku lomwelo, pasukulu ya pulayimale ya Okawa ku Ishinomaki, ana anaimikidwa pabwalo kwa mphindi pafupifupi 50 akuluakulu akukambirana koyenera kupita, phiri lili kuseri kwa sukulu. Ana 74 mwa 108 anafa kapena kusowa, pamodzi ndi aphunzitsi 10. Ana a m'malo awiriwa anali a mtundu umodzi, a chilankhulo chimodzi, pansi pa boma limodzi. Chikanakhala kuti nzeru yopulumukira ili m'magazi, onse akanapulumuka. Chinawasiyanitsa ndi chakuti ena anayeserera mpaka miyendo yawo inadziwa njira, pamene ena analibe dongosolo lomveka. Kumudzi wa Aneyoshi kuli mwala umene makolo anaimika pambuyo pa tsunami wa 1933, wochenjeza zidzukulu kuti zisamange nyumba kumunsi kwake. Mudziwo unamvera, ndipo mafunde a 2011 anathera kumunsi kwa mwalawo. Akuluakulu athu anati madzi saiwala khwawa, koma anthu amaiwala, ndiye chifukwa chake pamafunika mwala, lamulo ndi mphunzitsi.

Nanga za kusunga nthawi? Mlendo akakwera sitima yothamanga ya Shinkansen kuchokera ku Tokyo kupita ku Osaka, ulendo wa makilomita oposa 500 umene umatenga maola awiri ndi theka, amaona sitima ikunyamuka pa mphindi imene yalembedwa pa tikiti. Njanjiyi inatsegulidwa pa 1 Okutobala 1964, ndipo kuchokera pamenepo palibe wokwera amene anafapo chifukwa cha kugundana kapena kuchoka panjanji kwa sitima zimenezi. N'kwapafupi kuganiza kuti anthu a ku Japan akhala akulemekeza wotchi kuyambira kale. Mbiri ikukana. Msilikali wa pamadzi wa ku Netherlands, Willem van Kattendijke, amene anaphunzitsa ku Nagasaki kuyambira 1857 mpaka 1859, anadandaula m'zolemba zake kuti anthu a kumeneko sasunga nthawi, ndipo akatswiri ena a ku Ulaya amene anabwera pambuyo pake anadandaula chimodzimodzi. Nthawi imeneyo kutalika kwa ola kunkasintha malinga ndi nyengo, chifukwa usana ndi usiku zinkagawidwa potsata kutuluka ndi kulowa kwa dzuwa. Njanji yoyamba inatsegulidwa mu 1872, ola losasinthasintha linayamba kugwira ntchito mu 1873, koma pofika 1920 kunali kofunikirabe kukhazikitsa tsiku la 10 Juni kukhala lokumbutsa anthu kusunga nthawi. Belu la kusukulu, la kufakitale ndi la kumsasa wa asilikali linagwira ntchito kwa mibadwo iwiri kapena itatu kuti khalidwe limene mlendo amaliyesa lachibadwa likhazikike.

Ukhondo nawo uli ndi mbiri yake, ndipo ndi yaposachedwa kuposa mmene ambiri amaganizira. Kuvula nsapato polowa m'nyumba ndi kusamba m'manja polowa m'kachisi ndi miyambo yakale, koma ukhondo wa m'misewu ndi wa m'mitsinje ndi wa dzulodzuloli. M'zaka za m'ma 1960 mtsinje wa Sumida, wodutsa pakati pa Tokyo, unkanunkha chifukwa cha zonyansa za m'mafakitale ndi za m'nyumba. Mu 1965 ntchentche zochokera kudzala la Yumenoshima zinadzaza midzi yoyandikana nalo mpaka asilikali anaitanidwa kudzathandiza. Mu 1971 bwanamkubwa wa Tokyo, Ryokichi Minobe, analengeza nkhondo yolimbana ndi zinyalala, ndipo anthu a dera la Koto anafika potseka msewu kukaniza magalimoto obweretsa zinyalala za dera la Suginami, limene linkakana kuti kwawo kumangidwe ng'anjo yotenthera zinyalala. Ku Minamata, fakitale ya kampani ya Chisso inkathira poizoni wa mercury m'nyanja. Matenda ake anadziwika mu 1956, koma boma linavomereza gwero lake mu 1968, asodzi ndi ana awo atapuwala kale ndi kufa. Anthu wamba atakwiya ndi kupita kumakhoti, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa kapena kukonza malamulo 14 okhudza kuwononga chilengedwe mu 1970. Lero khonsolo iliyonse ili ndi masiku ake otolera zinyalala zamtundu uliwonse, ndipo m'sukulu zambiri ana amasesa ndi kukolopa okha makalasi, makonde ndi zimbudzi. Mwana amene wakolopa kwa zaka zisanu ndi zinayi amadziwa kuti chinyalala chotayidwa pansi chimakhala ntchito ya munthu wina.

Chimodzimodzinso nkhalango. Mlendo akayang'ana pazenera la sitima amaona mapiri obiriwira mpaka pansonga, chifukwa magawo awiri mwa atatu a dzikoli ndi nkhalango. Koma m'zaka za m'ma 1600 mapiri ambiri anali atametedwa chifukwa chomanga malinga, akachisi ndi mizinda, komanso kumanganso mzinda wa Edo, umene lero ndi Tokyo, utapsa mu 1657. Nthaka inayamba kukokoloka ndipo mitsinje inkasefukira m'minda. Mu 1666 boma la Tokugawa linaletsa kuzula zitsa ndi mizu m'mapiri, n'kulamula kuti kumtunda kwa mitsinje kubzalidwe mitengo. Midzi inaika malamulo a yemwe angadule, mtengo wanji, nyengo iti. Chimene chinasunga ntchitoyi ndi kupatsirana luso kuchokera ku m'badwo wina kufika ku wina, ndipo chitsanzo chake chili ku kachisi wamkulu wa chipembedzo cha Shinto ku Ise. Kachisi ameneyu amamangidwanso mwatsopano zaka 20 zilizonse, mwambo umene unayamba mu 690 ndipo, ngakhale unaimapo pa nthawi ya nkhondo zapachiweniweni, unachitika kachi 62 mu 2013. M'zaka 20 mmisiri wachinyamata amakula kufika pophunzitsa ena, choncho luso silifa, ndipo mitengo yodzamangira mtsogolo imabzalidwa ndi anthu amene sadzaiona itakhwima.

Ngakhale chikwama chobwezedwa chija chili ndi lamulo kumbuyo kwake. M'dziko lonse muli timaofesi ta apolisi pafupifupi 6,000 totchedwa koban, tambiri tili pafupi ndi masiteshoni ndi mphambano, kotero kuti wotola chinthu sayenda mtunda wautali kuti akachipereke. Lamulo likuti mwini chinthu akapezeka, wotola ali ndi ufulu wolandira pakati pa 5 ndi 20 pa 100 alionse a mtengo wake, ndipo pakatha miyezi itatu mwini wake osaoneka, chinthucho chingathe kukhala cha wotolayo. Wosunga chotola osakanena amapalamula mlandu. Mu 2023 ndalama zoposa 4 biliyoni yen zinaperekedwa kwa apolisi a ku Tokyo, ndipo pafupifupi magawo atatu mwa anayi zinabwerera kwa eni ake. Sindikuchepetsa kukhulupirika kwa anthuwa. Ndikungosonyeza kuti boma linafupikitsa njira ya munthu wokhulupirika, linamulonjeza mphotho, ndipo apolisi olandira ndalamazo amazilemba n'kuzisunga.

Tsopano ndiyankhe amene angatsutse. Wina anganene kuti, ngati nthaka yovuta ndiyo inabala dongosolo, bwanji mayiko ena a zilumba, zivomezi ndi anamondwe, monga Philippines ndi Indonesia, sali ngati Japan? Funsoli ndi labwino, ndipo likuthandiza mfundo yanga. Nthaka imakakamiza anthu kuchitapo kanthu, koma siwauza chochita. Mayiko awiri ndatchulawa analamulidwa ndi atsamunda kwa zaka mazana, ndipo malamulo awo ankapangidwa pofuna kupindulitsa eni ake a kutali. Japan sanalamulidwepo ndi atsamunda a ku Ulaya. Anakhala pa mtendere kwa zaka zoposa 250 pansi pa a Tokugawa, kuyambira 1603, ndipo m'nthawi imeneyo timasukulu ta m'midzi ndi m'matauni tinaphunzitsa ana ambiri a anthu wamba kuwerenga ndi kuwerengera. Sitima zankhondo za ku America zitafika mu 1853 kudzakakamiza dzikoli kutsegula madoko, atsogoleri atsopano amene anatenga boma mu 1868 anatumiza nthumwi zawo, motsogozedwa ndi Iwakura Tomomi, kukayendera America ndi Ulaya kuyambira 1871 mpaka 1873. Anthu amenewo analinso alendo m'mayiko a eni, koma sanabwerere ndi nkhani zodabwa zokha. Anafunsa mmene sukulu, mabanki, mafakitale ndi makhoti zimayendera, ndipo anabwera ndi zolemba zimene boma linagwiritsa ntchito.

Wina anganene kuti zonsezi ndi ndalama basi: dziko lolemera lingathe kukumba ngalande pansi pa nthaka ndi kuyendetsa sitima zothamanga. Ndalama zilipodi, ndipo tisabise kumene zina zinachokera. Japan analanda Taiwan mu 1895 ndi Korea mu 1910, anachita nkhanza zoopsa ku China, kuphatikizapo ku Nanjing mu 1937, ndipo atagonja mu 1945, mizinda ya Hiroshima ndi Nagasaki itaphulitsidwa, mafakitale ake anadzukanso mothandizidwa ndi maoda a asilikali a America pa nkhondo ya ku Korea ya 1950 mpaka 1953. Koma tayang'anani chimene chinayamba. Lamulo la nkhalango linabwera dziko likudalira khasu. Lamulo loti mwana aliyense apite kusukulu linabwera mu 1872, alimi ali osauka mpaka ena anatentha sukulu pokana fizi, koma pofika cha m'ma 1910 ana oposa 95 pa 100 alionse anali atalembedwa m'kaundula wa sukulu. Minda inagawidwa kwa alimi obwereka malo kuyambira 1946 mpaka 1950, m'dziko muli njala. Shinkansen yeniyeniyo inamangidwa mothandizidwa ndi ngongole ya madola 80 miliyoni yochokera ku World Bank mu 1961, ndipo Japan anamaliza kubweza ngongole zake ku banki imeneyi mu 1990. Chuma chinapeza sukulu, malamulo ndi chizolowezi chokonza zinthu zili kale m'malo, ndipo zinthu zimenezi ndi zimene zinachititsa kuti ngongole isanduke njanji yoyenda mpaka lero.

Kutsutsa kwachitatu ndiko kolemera kwambiri, ndipo mbali yaikulu ndikugwirizana nako. Akuti mlendo ndi mame: amakhala masabata awiri pakati pa Tokyo, Kyoto ndi Osaka, amalandiridwa mwaulemu, n'kuchoka asanaone kulemera kwa goli limene eni dziko asenza. N'zoona. Pa 25 Epulo 2005 sitima inachoka panjanji ku Amagasaki n'kuwomba nyumba, ndipo anthu 107 anafa. Woyendetsa, mnyamata wa zaka 23, anali atachedwa ndi mphindi imodzi ndi theka, ndipo analowa pokhota pa liwiro la makilomita 116 pa ola pamene malire anali 70. Ofufuza anatchula chilango chochititsa manyazi chimene oyendetsa olakwitsa ankalandira ngati chimodzi mwa zoyambitsa ngoziyo. Imfa zobwera chifukwa chogwira ntchito mopyola muyeso zinachuluka mpaka mu 2014 kunakhazikitsidwa lamulo lolimbana nazo. Kuyambira 1998 mpaka 2011 anthu oposa 30,000 ankadzipha chaka chilichonse. Mu 2024 ana obadwa kwa nzika za dzikoli sanakwane 700,000, anthu a zaka 65 kapena kuposa ndi pafupifupi 29 pa 100 alionse, ndipo nyumba pafupifupi 9 miliyoni zilibe wokhalamo, zambiri m'midzi imene achinyamata anaithawa. Mantha oopa kusalidwa aja akadalipo m'maofesi ndi m'makalasi. Komabe onani kuti mavutowa nawonso amasintha anthu akawagwirira ntchito: lamulo lopewa kudzipha litabwera mu 2006, chiwerengero chija chatsika kufika pafupifupi 20,000. Chimene chinaumbidwa ndi anthu chingathe kukonzedwa ndi anthu, ndipo ife ophunzirako tili ndi ufulu wosankha chotenga ndi chosiya.

Pali amene amati chinsinsi cha Japan n'chakuti onse ndi mtundu umodzi. Maganizo amenewa ndi oopsa kwa ife okhala m'mayiko a mitundu yambiri, chifukwa amatiuza kuti tisayese n'komwe. Komanso si oona kwathunthu. Ku Hokkaido kuli Aainu, amene lamulo linawavomereza kukhala eni nthaka mu 2019 atakakamizidwa kwa zaka zoposa zana kusiya chilankhulo chawo. Okinawa unali ufumu wa Ryukyu mpaka 1879. Kuli mabanja a ku Korea amene akhala m'dzikoli kwa mibadwo ingapo. Ndipo anthu a chilankhulo chimodziwo anamenyana okhaokha kwa zaka zoposa zana a Tokugawa asanagwirizanitse dziko. Tikumbukirenso kuti pambuyo pa chivomezi cha 1923 kunafalikira bodza lakuti Akoreya akuthira poizoni m'zitsime, ndipo magulu a anthu wamba, mothandizidwa m'malo ena ndi apolisi ndi asilikali, anapha Akoreya zikwizikwi. Mu 2011 dziko lonse lapansi linaona zidzukulu za m'badwo umenewo zitaima pamzere mwabata kudikira madzi ndi chakudya. Mtundu ndi womwewo, koma pakati pa zaka ziwirizi panadutsa zaka 88 za maphunziro, malamulo ndi mabungwe amene anthu anaphunzira kuwakhulupirira.

Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa Japan sali kutali nafe monga mapu akuonetsera. Magalimoto ambiri oyenda m'misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu anayamba ayenda m'misewu ya ku Japan. Achinyamata odzipereka ochokera kumeneko akhala akubwera ku Malawi kuyambira 1971 kudzagwira ntchito m'sukulu, m'zipatala ndi m'minda. Ndondomeko ya One Village One Product, imene Malawi anaitenga mu 2003, inayambira m'chigawo cha Oita mu 1979. Masoka nawo sitili nawo alendo. Chivomezi chinagwedeza Salima mu 1989 ndi Karonga mu 2009, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000, ambiri mwa iwo m'munsi mwa mapiri, monga ku Chilobwe pansi pa phiri la Soche. Sindikuimba mlandu amene anamanga m'malo otsetsereka, pakuti wosauka amamanga pamene wapeza malo. Ndikufunsa chimene tonse tachita pambuyo pa maliro aja. Sitingakumbe ngalande ya mamita 50 pansi pa nthaka chaka chino. Koma zimene zinapulumutsa ana a ku Kamaishi zinali mphunzitsi, njira yodziwika yothawira, ndi kuyeserera chaka ndi chaka. Zimenezi sukulu iliyonse ya ku Nsanje, Chikwawa, Phalombe kapena Karonga ingazikwanitse ngati boma, makhonsolo, mafumu ndi makolo atagwirizana.

Choncho, amayi ndi abambo, makamaka inu achinyamata amene ena mwa inu mudzapita ku Japan kukaphunzira, kukachita malonda kapena kukacheza, pempho langa ndi ili. Mukadzaona msewu woyera, mudzafunse amene amatolera zinyalala, tsiku lanji, ndi lamulo liti, ndiponso kuti msewuwo unali wotani zaka 60 zapitazo. Mukadzaona sitima yofika pa nthawi yake, mudzafunsenso za moyo wa woyendetsa wake. Mudzatuluke m'mizinda ikuluikulu mukaone midzi imene mwatsala okalamba okhaokha. Mukadzabwerera musadzatiuze kuti anthu aja anabadwa choncho, chifukwa mawu amenewo amawalanda ulemu wa thukuta lawo, ndipo ife amatipatsa chifukwa chokhalira manja lende. Mudzatiuze chimene anachita, chaka chimene anayamba, chimene chinawapweteka pochita, ndi chimene ife tingayambe m'sukulu ndi m'makhonsolo athu ndi zimene tili nazo kale.